PHUNZIRO LA MWEZI UNO: ZA MIZERE YA DZUWA NDI MALIRE A PA CHILWA



Tsiku lina, titatha kuphunzitsa a m'kalasi kuno kwa Kuntumanji, mnyamata wina msodzi anatsalira natifunsa funso. Anati, "Aphunzitsi, timamva kuti malire a Malawi ndi Mozambique ali pa gombe la tsidya lija la Chilwa. Nanga chaka chimene nyanja iphwa, gombelo nilithawira pakati, kodi dziko lathu lichepa? Ndipo madzi akabwera nasefukira, kodi likula?" Anzake anaseka, koma ife sitinaseke ayi, pakuti funsoli ndi la akulu, ndipo m'bale wake wa funsoli ndiye adanitsa Akhristu m'madimba a mpunga chaka ndi chaka. Tinamulonjeza kuti tidzayankha m'nyuzi, kuti ndi ena omwe apindule. Koma tisanafike pa malire a pansi tiyenera kuyamba tayang'ana kumwamba, chifukwa iwo amene analemba malire athu anawerengera dzuwa ndi nyenyezi.

I. MIZERE IMENE SIIONEKA NDI MASO

Dziko lapansi lili lobulungira monga lalanje, ndipo lizungulira kamodzi usana ndi usiku. Lili nazo nsonga ziwiri, ya kumpoto ndi ya kumwera, kumene kuli chisanu choopsa. Pakati penipeni pa nsonga ziwirizo anthu anzeru anayerekeza mzere wozinga dziko monga lamba m'chiuno, nautcha Ikweta. Kutalika kwa lambayo kuli ngati makilomita 40,000. M'Afrika muno apita pa Gabon, pa maiko awiri a Congo, pa Uganda, pa Kenya ndi pa Somalia.

Tsono mtunda wochokera pa Ikweta kufikira ku nsonga iliyonse anaugawa magawo 90, ndipo gawo limodzi alitcha digiri. Digiri imodzi ndiyo ngati makilomita 111, monga kuchoka ku Zomba kulinga kumpoto osakhota, kufikira kupitirira pang'ono boma la Mangochi. Pa digiri iliyonse anayerekeza mzere wina wopingasa, woyenda kuchokera kum'mawa kunka kumadzulo, wosakomana ndi unzake. Kuwerenga kumeneku, kwakuti malo akutiakuti atalikira madigiri angati kuchokera pa Ikweta, ndiko kutchedwa latitude. Ilipo mizere inanso yotsika kuchokera ku nsonga ina kufikira ku inzake, yotchedwa longitude, imene iwerengedwa kuyambira ku Greenwich mu London. Munthu akadziwa mawerengedwe awiriwa, wadziwa pamene aima pa dziko lonse lapansi.

Ife a m'mbali mwa Chilwa tili pa madigiri 15 ndi pang'ono kumwera kwa Ikweta, ndiko kunena makilomita ngati 1,700 kuchokera pa lamba uja. Munthu akadatsata mzere wathu kunka kum'mawa, akadapita pafupi ndi Nampula nakafika ku nyanja ya mchere. Akadautsata kunka kumadzulo, akadafika ku Lusaka, pakuti Lusaka ndi Zomba zili ngati pa mzere umodzi. Motero m'bale wathu amene agwira ntchito ku Lusaka, ngakhale ali kutali, dzuwa la masana limuimira monga litiimira ife.

II. UMO TINGAYESERE NDI NSUNGWI

Wina adzati, "Izi n'za Azungu ndi makina awo." Iyayi, abale, mwana wa sukulu akhoza kuziyesa yekha. Tengani nsungwi yowongoka, muizike pabwalo losalala la tchalitchi kotero kuti mita imodzi yeniyeni itsale pamwamba pa dothi. Mumangirire mwala ku chingwe ndi kuulendeweza pambali pake, kuti muone ngati nsungwiyo siipendekeka. Chitani ichi pa 21 Marichi kapena pa 23 Seputembala, masiku amene dzuwa liima pamwamba pa Ikweta, usana ndi usiku nizilingana.

Musadalire wotchi, pakuti kwathu kuno dzuwa lifika paliwombo 12 koloko isanakwane. Yambani 11 koloko kuika timiyala pa nsonga ya chithunzithunzi cha nsungwi, kufikira mutaona pamene chafupikitsa, chisanayambenso kutalika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamenepo yesani, ndipo mudzapeza masentimita ngati 27, choloza kumwera. Tsiku lomwelo mphunzitsi wa ku Karonga adzapeza masentimita ngati 17 kapena 18, wa ku Nsanje adzapeza 30, ndipo wa pa Ikweta ku Uganda sadzapeza chithunzithunzi konse. Taonani, chithunzithunzi chinena mtunda: chikatalika, mwatalikira Ikweta.

Nzeru iyi si ya dzulo. Zaka zoposa 200 Ambuye asanabadwe, munthu wina Mgiriki dzina lake Eratosthenes, wokhala ku Alexandria mu Egypt, anamva kuti kumwera ku Syene dzuwa la tsiku lina la chaka liima pamutu penipeni. Iye anayesa chithunzithunzi kwawo tsiku lomwelo, napeza kusiyana kwa gawo limodzi la magawo 50 a chizungulire chathunthu. Ndipo podziwa mtunda wa pakati pa midzi iwiriyo anawerenga kukula kwa dziko lonse, osaphonya kwambiri.

Nafenso tili nawo masiku amene dzuwa liima pamutu pathu penipeni, kawiri pa chaka: pafupi ndi 4 Novembala, pamene dziko lapsa tili kudikira mvula, ndi pafupi ndi 7 Febuluwale, chimanga chili m'munda. Masiku amenewo nsungwi ija idzasowa chithunzithunzi masana. M'mwezi wa Juni dzuwa lipendekera kumpoto, ndipo chithunzithunzi chifika masentimita 80 choloza kumwera. M'Disembala lipitirira kumwera kwathu, ndipo chithunzithunzi chachifupi chiloza kumpoto. Chaka ndi chaka zichitika chomwecho. Palibe mfumu kapena boma limene linasunthapo mzere umodzi wa mizere iyi.

III. MALEKEZERO A DZIKO LATHU

Dziko la Malawi lili lalitali ndi lowonda. Kumpoto lilekezera pa mtsinje wa Songwe m'boma la Chitipa, pa madigiri 9 ndi pang'ono. Kumwera lilekezera m'boma la Nsanje, pa madigiri 17 ndi pang'ono. Pakati pa malekezero awiriwa pali madigiri osakwana 8, ndiwo makilomita oposa 850. Mzuzu ali pafupi ndi madigiri 11 ndi theka, Lilongwe pafupi ndi 14, Blantyre pafupi ndi 16. Kumadzulo dziko lilekezera m'boma la Mchinji, ndipo kum'mawa lilekezera m'chigawo chathu chino cha kumwera. Malo okwera koposa ndiwo nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, mamita 3,002 pamwamba pa nyanja ya mchere. Malo otsika koposa ali pamene mtsinje wa Shire utuluka m'dziko, mamita 37 okha.

Kutalika kumeneku kuoneka ndi dzuwa lomwe. Pofika chapakati pa Okutobala liima pamutu pa anthu a ku Chitipa, nilitsika pang'onopang'ono, kufikira liima pamutu pa anthu a ku Nsanje pafupi ndi 10 Novembala. Masabata atatu ndi masiku owerengeka lili kuyenda pamwamba pa dziko lathu. Koma likafika ku Nsanje siliima kufunsa chiphaso. Lipitirira ku Mozambique, pakuti ilo silidziwa malire. Nanga malirewo anadza bwanji?

IV. UMO MALIRE ANADZERA

Makolo athu anali nawo malire ndithu: mtsinje, phiri, mtengo waukulu, manda a makolo. Koma malire a maiko monga tiwadziwa lero anapangidwa ku Ulaya. Apwitikizi anakhala ku Sena ndi ku Tete pa Zambezi kuyambira zaka za m'ma 1500, ndipo mmodzi wa iwo, Gaspar Bocarro, anayenda kuchokera ku Tete kupyola dziko la Amaravi mu 1616. Chifukwa chake iwo anati dziko lino ndi lawo. Angerezi nawonso anati ndi lawo, popeza David Livingstone ndi John Kirk anafika pa Chilwa pa 18 Epulo 1859, ndipo pambuyo pake a mishoni a ku Scotland anamanga Blantyre mu 1876 ndi Domasi mu 1884. Onse awiri ananena za kuona nyanja, ngakhale Anyanja anali kuphamo matemba asanabadwe agogo a onse awiriwo.

Mu 1886 Apwitikizi anajambula mapu amene anapakapo utoto umodzi kuchokera ku Angola kufikira ku Mozambique, dziko lathu lili pakati. Mu 1889 msilikali wawo Serpa Pinto anakwera ndi Shire pamodzi ndi anthu a mfuti, namenyana ndi Amakololo. John Buchanan, amene anakhala ku Zomba ndi kugwirizira ukazembe wa Angerezi, analengeza kuti mapiri a Shire ali m'chitetezo cha Britain. Ku Scotland abusa ndi akulu a mpingo zikwi zambiri analembera boma lawo kulipempha lisapereke dziko lino kwa Apwitikizi. Ichi tichinena poyera, kuti tisamayese kuti Mpingo unalibe dzanja m'nkhaniyi. Pa 11 Januwale 1890 nduna yaikulu Lord Salisbury inalamula Portugal ichotse asilikali ake, ndipo Portugal, pokhala yochepa mphamvu, inagonja ndi mtima wowawa. Pa 11 Juni 1891 maboma awiriwo anasaina pangano ku Lisbon.

Tamvani tsono umo panganolo linayendetsera malire. Anatsata gombe la kum'mawa la nyanja yaikulu kunka kumwera kufikira mzere wa madigiri 13 ndi theka, kumpoto kwa Makanjira. Kuchokera apo analunjika ku gombe la kum'mawa la Chiuta, kenaka ku gombe la kum'mawa la Chilwa, nalitsata kufikira kumwera kwake. Napita ku mtsinje wa Ruo, natsika nawo kufikira ku Shire. Mbali ya kumadzulo anatsata msana wa mapiri umene ugawa madzi a ku Zambezi ndi madzi a ku Shire ndi a ku nyanja, kufikira mzere wa madigiri 14. Ndipo kuchokera apo analunjika pamene mzere wa madigiri 15 udutsa mtsinje wa Luangwa. Zilumba za Likoma ndi Chizumulu zinasiyidwa kwa Angerezi, popeza a mishoni ya Anglican anali atakhala kale pa Likoma. Panganolo linalonjezanso ufulu wa chipembedzo ndi chitetezo cha a mishoni mbali zonse ziwiri.

Taonani, mizere itatu ya latitude ili m'pangano limenelo. Anthu okhala m'nyumba ya boma ku Ulaya, amene sanaone Makanjira kapena Luangwa, anakonda mizere yotere chifukwa inali yosavuta kulemba pa pepala. Koma panalibe mfumu imodzi ya Anyanja, Ayao kapena Alomwe imene inafunsidwa ku Lisbon. Mzere wowongoka sudziwa kuti apa pali mudzi, apo pali manda a mudziwo.

V. GOMBE LIMENE LIYENDA

Tsopano tafika pa funso la mnyamata uja. Mzere wa madigiri 14 suyenda, ndipo msana wa mapiri suyenda. Koma gombe la Chilwa liyenda, monga tonse tidziwa. Nyanja yathu ilibe mtsinje woturutsa madzi. Ilandira Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, ndi Mnembo wochokera ku Mozambique. Koma madziwo achoka ndi dzuwa lokha, ndicho chifukwa chake ali amchere. Ndiponso ili yosazama, kotero kuti madzi akatsika pang'ono pokha, gombe lithawa mtunda wautali. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'aluka, mabwato ali gone pa Kachulu, anthu nayenda pansi kumene anali kupalasa. Koma madzi saiwala khwawa: itagwa mvula ya namondwe Freddy m'Marichi 2023, nyanja inabwerera mwamphamvu, nimiza minda ya m'mphepete.

Nanga dziko lichepa ndi kukula pamodzi ndi madzi? Iyayi. Pangano litasainidwa, oyesa dziko a maboma awiri anadzayenda m'malirewo, naimika zipilala, nalemba malo ake a zipilalazo. Ndipo malire ayenda kuchokera pa chipilala china kufikira pa chinzake. Masiku ano malo a chipilala alembedwa ndi latitude ndi longitude yake, ndipo ngakhale lamya ya m'manja ikhoza kuonetsa manambala otere. Motero chipilala chikagwa kapena kumizidwa, malo ake apezekanso. Yankho lathu kwa mnyamatayo ndi ili: madzi ayenda, koma malire anamangidwa pa chinthu chosayenda. Nyanja ikaphwa Malawi sachepa; ikasefukira Mozambique satayapo kanthu.

Komatu anthu a mbali ziwirizi ali amodzi. Kuyambira zaka za m'ma 1890 Alomwe ambiri anaoloka kuchokera kum'mawa kwa Chilwa, pothawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi ndi njala, nakhala m'maboma a Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu ndi Zomba. Ambiri a ife amene tiwerenga nyuzi ino ndife adzukulu awo. Mu 1970 njanji inatsegulidwa yopita ku doko la Nacala, yodzera pa Nayuchi, pa mchenga umene ulekanitsa Chilwa ndi Chiuta. Ndipo m'nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu ngati miliyoni imodzi anathawira m'dziko lino, nalandiridwa. Chibale n'fupa, sichiola. Mzere wa ku Lisbon sunathe kuchidula.

VI. MILANDU YA MALIRE PAKATI PA MAIKO

Gombe lina, la nyanja yaikulu, labala mlandu woposa. Pa 1 Julayi 1890 Angerezi ndi Ajeremani anapangana kuti malire awo atsate gombe la kum'mawa ndi la kumpoto la nyanjayo kufikira pa matsiriro a Songwe. Potsamira pa pangano ilo, Malawi anena kuti madzi onse a kumpoto ndi ake. Tanzania, amene analowa m'malo mwa dziko la Ajeremani lija, ananena mu 1967 kuti malire ayenera kukhala pakati pa nyanja, monga zikhalira pa nyanja zambiri za pakati pa maiko. Ku mbali ya Mozambique zinthu zinakonzeka kale: mu 1954 Britain ndi Portugal anapangana kusuntha malire kuchoka pa gombe kunka pakati pa madzi, Likoma ndi Chizumulu nizitsala zathu ngakhale zazingidwa ndi madzi a eni. Mlandu wa kumpoto unabukanso mu 2012, boma la Malawi litapereka chilolezo chofufuza mafuta pansi pa nyanja. Nkhoswe zinaitanidwa, Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae, amene anakhalapo atsogoleri a maiko awo, koma sizinathe kuutsiriza mlanduwo.

Tisayese kuti anzathu okha ndiwo alakalaka za eni. Mu 1968 Dr Hastings Kamuzu Banda ananena kuti malire akale a Amaravi anafika m'kati mwa maiko oyandikana nafe, ndipo mawuwo anakwiyitsa Tanzania ndi Zambia. Mtundu uliwonse uli nawo mapu ake akale m'thumba, amene auonetsa wokulirapo. Podziwa ichi, atsogoleri a Afrika anasonkhana ku Cairo mu Julayi 1964, mwezi womwe dziko lathu linalandira ufulu, nagwirizana kuti dziko lililonse lisunge malire amene linawapeza polandira ufulu wake. Iwo anadziwa bwino kuti malirewo anali okhota ndi osalungama. Koma anaona kuti kuwaongola ndi mfuti kukadakhetsa mwazi kosalekeza.

Chilakolako chimenechi chafika ngakhale ku malekezero a dziko lapansi. Kumwera kwenikweni kuli dziko lalikulu la madzi oundana lotchedwa Antarctica, kumene khasu silingalowe ndipo kunalibe mbadwa. Roald Amundsen wa ku Norway anafika pa nsonga ya kumwera, pa madigiri 90, pa 14 Disembala 1911. Robert Scott wa ku Britain anafika pa 17 Januwale 1912, nafera panjira pobwerera pamodzi ndi anzake. Maiko asanu ndi awiri, ndiwo Argentina, Australia, Britain, Chile, France, New Zealand ndi Norway, anadzigawira dzikolo pa mapu monga adula dzungu, ndipo zidutswa za Argentina, Britain ndi Chile zinasanjikizana. Koma pa 1 Disembala 1959 maiko 12 anasaina pangano ku Washington, lakuti kumwera kwa madigiri 60 kusakhale nkhondo kapena kuyesa zida, ndi kuti milandu ya umwini iikidwe pambali. Palibe amene anasiya chonena chake, komanso palibe amene anawombera mnzake. Apa mzere wa latitude unagwira ntchito ya mtendere.

VII. CHIMENE TIPHUNZIRAPO

Abale, sitinalembe izi kuti mudziwe manambala okha. Pali zinthu zitatu zimene tifuna zikhale m'mitima.

Choyamba: malire oona amangidwa pa chinthu chosayenda, ndi pamaso pa mboni. Nyanja ikabwerera m'mbuyo nisiya dothi labwino la mpunga, tonse tithamangira kumeneko ndi makasu; ndipo madzi akadzabwera nafafaniza mizere ndi zikhomo, chaka chinacho munthu aliyense akumbukira dimba lake lili lalikulu kuposa umo linalili. Taona ndi chisoni anthu awiri odyera pa gome limodzi la Ambuye osalankhulana nyengo yathunthu chifukwa cha mizere itatu ya mpunga. Chilamulo cha Mose chinaletsa kusuntha mwala wa malire a mnansi. Ndipo amene ausuntha usiku, ngakhale madzi amubisire, ali wakuba. Chifukwa chake tipempha kuti pogawana dimba muitane anyakwawa ndi anansi a mbali zonse, muyese kuchokera pa mtengo, chulu kapena mwala wa kumtunda kumene madzi safika, ndipo muyesowo ulembedwe m'buku. Chimene maboma anachita ndi zipilala, ifenso tichite m'madimba.

Chachiwiri: malire ndi ofunika, koma si Mulungu anawalemba. Mizere ya dzuwa iwerengedwa pa zolengedwa zake, ndipo idzakhala chomwecho ife titapita. Koma malire a 1891 analembedwa ndi anthu, m'chaka chodziwika, pa zifukwa zodziwika. Tiwalemekeze monga tilemekeza lamulo la dziko: wooloka atenge chiphaso, msodzi asunge nyengo yotseka nyanja, wamalonda asazembetse katundu. Koma tisawapembedze. M'zimbowera za pakati pa nyanja, pamene asodzi agona pa njedza masabata ambiri, mumamveka mawu onyoza a tsidya lija, monga ngati iwo ndiwo atha matemba. Mkhristu asatero. Nyanjayi ndi imodzi. Kolera ikabuka m'zimbowera siifunsa dziko la munthu, ndipo khoka lowononga liwononga mbali zonse ziwiri. Iye amene umutcha mlendo, mwina agogo ake ndi agogo ako anatungira chitsime chimodzi.

Chachitatu: wamkulu ndiye ayamba kulekerera. Tikumbukire nkhani ya Abrahamu ndi Loti, pamene abusa a ziweto zawo anakangana chifukwa cha busa. Abrahamu ndiye anali wamkulu, ndipo mphamvu yosankha inali yake. Koma anapatsa mwana wa m'bale wake asankhe poyamba, chifukwa anayesa chibale chinthu choposa dambo. Za milandu ya maboma, ife anthu wamba tilibe mawu ambiri, koma tikhoza kupempherera atsogoleri a Malawi, Tanzania ndi Mozambique kuti akambirane modekha, ndi kukana kufalitsa mawu oyatsa moto. Koma za m'dimba mawu onse ali ndi ife. Ngati alipo wowerenga amene ali ndi mlandu wa malire ndi mnansi wake, apite kwa iye mwezi uno, mpunga usanaokedwe, ndipo akulu a mpingo amuperekeze.

MAFUNSO A M'KALASI

1. Kodi Ikweta n'chiyani, ndipo digiri imodzi ndi makilomita angati?
2. Kodi ife a pa Chilwa tili pa madigiri angati? Tchulani mzinda wa m'dziko lina umene uli pa mzere umodzi ndi Zomba.
3. Dziko lathu lilekezera m'maboma ati kumpoto, kumwera ndi kumadzulo?
4. Tchulani mizere itatu ya latitude imene ili m'pangano la 1891.
5. Nyanja ya Chilwa ikaphwa, chifukwa ninji dziko silichepa?
6. Atsogoleri a Afrika anagwirizana chiyani ku Cairo mu 1964, ndipo chifukwa ninji?
7. Kodi m'mudzi mwanu malire a madimba ayesedwa kuchokera pa chiyani? Ndani adziwa muyesowo?

Tipempha aphunzitsi onse a m'masukulu ndi m'mipingo yathu kuti ayese nsungwi ija pamodzi ndi ana pa tsiku lake, natitumizire masentimita amene apeza ndi dzina la malo awo. Tidzawasindikiza m'nyuzi ino motsatana kuyambira kumpoto kufikira kumwera, kuti ana aone ndi maso awo umo chithunzithunzi chitalikira. Mnyamata msodzi uja walonjeza kuti nsungwi ya kuno adzadula ndiye.

Mtendere ukhale ndi inu nonse, a tsidya lino ndi a tsidya lija.

Ndife anu m'ntchito ya Ambuye,
Mphunzitsi wa Mpingo, kwa Kuntumanji.